Mwendo wobwera nawo ku Joni

Pa 13 Okutobala, tsiku lokumbukira vuto la kuundana kwa magazi m'mitsempha kuyambira 2014, ku Kande nkhani inali ya mwendo wa bambo wina yemwe wangofika kumene kuchokera ku Johannesburg.

Anakhala pakhonde, buluku atapinda mpaka m'bondo. Katumba wakumanzere anali atatupa, khungu lili nyezinyezi, lotentha ukaligwira, pomwe mwendo wakumanja unali bwinobwino. Nsapato yatsopano inakana kulowa. Pa basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete anakhala masiku awiri atapinda miyendo chifukwa cha zikwama, ndipo madzi ankamwa pang'ono poopa kuvutika panjira.

Mkati mwa mtsempha uliwonse muli kachikopa kopyapyala kwambiri, endothelium. Kakakhala kabwino kamatulutsa nitric oxide ndi prostacyclin, zoletsa tizidutswa toundanitsa magazi kumamatira, komanso tPA, yomwe imayambitsa ntchito yosungunula magazi amene aundana. Mtsempha ukavulala, kachikopa komweko kamatulutsa zomata kuti magazi asatayike. Koma magazi akadekha m'mwendo nthawi yaitali, kamatha kuyamba kumata popanda bala. Kafukufuku wa 2007 anapeza kuti ulendo wopitirira maola anayi uli chikhalire umawirikiza kawiri chiopsezochi. HIV, TB, pakati ndi uchembere wa kumene zimachikulitsanso.

Pakhomopo mkangano unali pa kuthowa. Mayi ake ankati mwana wawo anaponda mankhwala a anthu anjiru, choncho atemedwe mphini, mwendo uthowedwe ndi madzi otentha n'kusisitidwa. Mkazi wake anakana, ponena kuti ulendo ndi wa ku Chintheche, kuchipatala. Achipatala amaletsa kusisita mwendo wotere, poti magazi oundanawo akhoza kuthothoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amayamba befu, chifuwa kubaya, ena kumwalira mwadzidzidzi. Mayiwo ankatsutsa kuti nanga bwanji mankhwala akuchipatala sachotsa chotupacho tsiku lomwelo. Zoonadi sachotsa: heparin ndi warfarin amangoletsa kuti kuundanako kusakule, kusungunula n'kwa thupi lokha, ndipo munthu amakhala pa mankhwala miyezi itatu kapena kuposa.

Disembala akayandikira, matola onyamula obwera ku Joni amachuluka pamsewu wa M5. Achibale amathamangira kutsitsa mafiriji ndi matiresi, mwini katundu akutsimphina pambuyo.