Likoma Kapena Chizumulu?

Munthu wofuna kukacheza ku zilumba za pa Nyanja ya Malaŵi, koma alibe galimoto kapena ndalama zokwerera ndege, ayenera kusankha pakati pa Likoma ndi Chizumulu asanachoke pakhomo. Imodzi mwa njira zake ndi iyi: basi yomufikitsa ku Nkhata Bay, kenaka sitima yapamadzi. Ilala, imene inapangidwa ku Scotland ndi kuyamba ntchito m'chaka cha 1951, ikamachokera ku Nkhata Bay imayamba yaima pa Chizumulu, pambuyo pake n'kupitirira ku Likoma. Zilumba ziŵirizi n'za Malaŵi ngakhale zazingidwa ndi madzi a dziko la Mozambique.

Likoma ndicho chilumba chachikulu, cha masikweya kilomita 18. Kumeneko kuli maofesi a boma, msika, chipatala ndi bwalo la ndege. Kulinso tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga m'chaka cha 1903. Malo onse ofunika munthu angathe kuwafika wapansi. Choncho amene ali ndi ana aang'ono, nkhalamba kapena wodwaladwala, nzeru ndi kusankha Likoma, pakuti chithandizo chili pafupi.

Chizumulu ndi chilumba chaching'ono, cha masikweya kilomita atatu okha. Ndi dziko la asodzi, minda ya chinangwa, malambe ndi mapiri amene munthu akakwera amaona nyanja mbali zonse. Wofuna bata adzalipeza kumeneko, koma atenge kamba wokwanira ndi mankhwala ake, chifukwa masitolo ndi malo ogona alendo ndi ochepa.

Chachikulu koposa ndi nthaŵi. Sitima sibwera tsiku ndi tsiku ngati basi. Mlendo akatsika pa chilumba ayenera kudikira masiku angapo kuti imutengenso, ndipo ikachedwa kapena ikawonongeka, tchuthi chingathe iye akadali kutsidya. Mabwato aang'ono amayenda pakati pa zilumbazi, koma m'miyezi ya chisanu, pamene mwera ukuwomba, ulendo wotere ndi woika moyo pachiswe.

Motero wa masiku oŵerengeka asankhe chilumba chimodzi, afunse tsiku lobwerera asanakwere, ndipo asunge ndalama zina zapadera. Wa milungu iŵiri angathe kuona zonse, kuyambira ku Chizumulu n'kutsirizira ku Likoma, kumene njira zobwerera kumtunda n'zochulukirapo.