Kodi mumadziwa? Lenzi yoona motambalala

Lenzi ya 14mm, ikamangidwa pa kamera ya sensa yaikulu yotchedwa full-frame, imaona madigiri 114 kuchokera pangodya kufikira pangodya inzake. Koma lenzi yomweyo, mukaiika pa kamera ya sensa yocheperapo ya APS-C, imaona monga ya 21mm, pakuti sensayo imadula m'mbali mwa chithunzi. Chifukwa chake, musanatulutse ndalama zanu, yambani mwadziwa sensa ya kamera yanu, popeza safunsa adadya phula.

Penyaninso galasi lakutsogolo kwa lenzi. La Nikon 14-24mm f/2.8, lenzi yomveka imene idatuluka m'chaka cha 2007, ndi lotukuka kotero kuti fyuluta wamba siingamangidwepo, ndipo wofuna kugwiritsa ntchito fyuluta pojambula mathithi kapena mitambo ayenera kugulanso chogwirira fyuluta chapadera.