PHALA LA M'MAWA: OATS NDI MGAIWA

Dzinja likafika, anthu a m'midzi alawirira kumunda nkhuku zisanatsike, ndipo ana asukulu aturuka m'nyumba mame akali pa udzu. M'mabanja ambiri moto sukolezedwa kufikira dzuwa litafika pamutu. Mwana amene wayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu ayamba kusinza phunziro laciwiri lisanathe, ndipo mau a mphunzitsi sakhala m'mutu mwace. Mlimi nayenso khasu limlemera msanga. Nthawi ya masika mkute uthandiza, koma m'miyezi ya njala, January ndi February, nsima sitsala m'mbale. Mankhwala a bvuto limeneli ndi phala, cifukwa lifuna ufa pang'ono, nkhuni pang'ono ndi nthawi yocepa.

OATS NCIANI?

M'masitolo a m'matauni ndi a pa boma mupezeka mapaketi a cakudya cochedwa oats. Imeneyi ndi mbeu yonga tirigu, yokonda maiko ozizira ndi acinyontho monga Scotland, Canada, Finland ndi Russia. Anthu a ku Scotland akhala akudya phala lace kwa zaka mazana ambiri, ndipo mwa mwambo wao aliphika ndi madzi ndi mcere basi. Mu Zambia mbeuyi silimidwa kwenikweni cifukwa ca kutentha, motero oats wa m'masitolo acokera kunja, makamaka ku South Africa.

Asanamuike m'paketi, a kufakitale amcotsa makoko, namfewetsa ndi nthunzi, namphwanyitsa ndi zitsulo kuti njere iri yonse ikhale yaphanthiphanthi. Ici ndico cifukwa cace apsa msanga. Gaga wace sacotsedwa, ndipo m'menemo ndi mmene muli ubwino: phala lotere licedwa kugayika, kotero munthu sayamba msanga kumva njala. Mu 1997 boma la America linalola ogulitsa oats kulemba pa mapaketi kuti cakudyaci cithandiza kucepetsa ngozi ya nthenda ya mtima, popeza citsitsa mafuta oipa a m'magazi.

KAPHIKIDWE KACE

Muyeso wace ngosabvuta kukumbukira: kapu imodzi ya oats ifuna makapu awiri a madzi. Mai athira zonse mumphika pamodzi ndi kamcere, naika pamoto, nabvundula ndi mthiko kuti lisagwire pansi. Likawira, asonkhezera moto wocepa, ndipo pakatha mphindi 5 phala lapsa. Wofuna kusunga nkhuni abviike oats m'madzi oyera madzulo, nabvundikire bwino. M'mawa angotenthetsa pa makala otsala.

Munthu wamkulu akhuta ndi theka la kapu, ndiwo magalamu 40. Motero paketi ya kilogalamu imodzi iturutsa mbale 25. Mwini banja atenge mtengo wa paketi, augawe ndi 25, naone yekha ngati mbale imodzi iposa mtengo wa buledi ndi tiyi. Paketi ikatsegulidwa, oats athiridwe m'citini cotseka bwino, naikidwe pouma. Mbeuyi iri ndi mafuta ambiri kuposa cimanga, ndipo ikakhalitsa potentha iyamba kununkha ndi kuwawa.

PHALA LA M'NKHOKWE

Komabe banja lokhala kutali ndi sitolo, kapena limene ndarama zace zonse zapita ku feteleza, lisadandaule. Cimene cipatsa oats mphamvu, ndiko kusacotsa gaga, cipezekanso mu mgaiwa. Ufa woyera wokonola, ndiponso uja wa m'matumba wochedwa breakfast, wacotsedwa gaga ndi mtima wa njere, mmene muli mafuta ndi zina zolimbitsa thupi. Pa phala la ana mgaiwa ndiwo woyenera, ndipo ufa wa mawere kapena wa mapira uteronso.

Cimanga pacokha ciri ndi zomanga thupi zocepa, monga magalamu 9 pa magalamu 100 ali onse, pamene oats ali ndi ocurukirapo pang'ono. Nshawa ziposa zonsezi: ziri ndi magalamu 25, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwace ndi mafuta. Cifukwa cace phala la mgaiwa lothira nsinjiro siliopa phala liri lonse la m'sitolo. Alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke, kumene nshawa za Chalimbana zidziwika, ali naco cuma cimeneci pakhomo.

Pa makapu atatu a mgaiwa mai athira kapu imodzi ya nsinjiro. Phala limeneli lifuna kuwira mphindi 15 kapena 20, kufikira fungo la ufa wauwisi litatha. Kuti m'mawa musakhale nchito yambiri, nshawa zisinjidwe dzulo lace. Amene wagula oats angathe kumtalikitsa pothira dzanja limodzi mu phala la mgaiwa litatsala pang'ono kupsa. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, wowiritsa, uonjezera mphamvu. Nthoci yakupsa itsekemeretsa popanda kugula shuga.

ZOCENJERA NAZO

Nshawa zacuku, zofota kapena zowawa zitayidwe zisanalowe mumtondo. Cuku cimeneci cibala ululu wochedwa aflatoxin, umene uononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo moto wophikira suupha. Cimanga coola ciri ndi ngozi yomweyo.

Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe phala. Bere la mace likwanira. Likapitirira msinkhu umenewo, phala lace likhale lolimbirako, losayenderera pa supuni, pakuti phala lamadzi lidzaza kamimba popanda kukuza mwana.

Akulu anati mmera mpoyamba. Kholo limene lifuna kuti mwana wace apambane mayeso lisayembekeze tsiku la mayesolo. Pokolola ndi pogulitsa mbeu caka cino, lipatule thumba la nshawa losagulitsa, ndi kusunga cimanga ca mgaiwa cofikira mwezi wa March, kuti mwana asaturukenso pakhomo mphika usanacoke pamoto.