Kufufuza mbiri ya banja m'kaundula wa parishi: zomwe ndinaphunzira pa Mua

Mnzanga wina kuno ku Hamilton ali ndi mndandanda wa makolo ake wofika zaka za m'ma 1600, onse ochokera m'kaparishi kamodzi ka kumudzi ku England. Sizodabwitsa kwenikweni. Kumeneko maparishi analamulidwa mu 1538 kulemba ubatizo, ukwati ndi maliro, boma linayamba kulemba obadwa mu 1837, ndipo kalembera wa 1841 anatchula anthu mayina. Zambiri mwa izi amaziwerenga pa intaneti ali m'chipinda mwake.

Ine kwathu kuchimayi ndi kufupi ndi Mua, m'boma la Dedza, ndipo nditayesa njira yakeyo ndinathera pa agogo anga. Ku Malawi lamulo lolembetsa mwana aliyense wobadwa ndi la 2010, ziphaso za unzika zinafika mu 2017. Kwa mabanja ambiri akumudzi pepala loyamba lokhala ndi dzina la kholo ndi la kutchalitchi.

Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Kaundula wa ubatizo wa Akatolika wa nthawi imeneyo amalembedwa m'Chilatini, ndipo pamzere umodzi pamakhala dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi, womuimira ndi wansembe. Mbali yothandiza kwambiri ndi ya m'mphepete: kuyambira 1908 Mpingo unalamula kuti ukwati wa munthu uzilembedwa pomwe panalembedwa ubatizo wake. Ndiye kuti mzere umodzi ukhoza kukupatsani mwamuna kapena mkazi wake, komanso parishi yomwe anakakwatirira.

Koma kaundulayu amasocheretsa wosadziwa chikhalidwe, ndipo apa ndi pomwe ophunzira chinenero ayenera kutchera khutu. Tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa. A White Fathers ankaphunzitsa munthu zaka zinayi asanam'batize, ndipo ambiri mwa oyambawo anali akuluakulu kale. Ena anabatizidwa ali pafupi kumwalira. Nkhani ya mayina ndiye yovuta koposa. Munthu mmodzi amakhala ndi dzina la paubwana, lina lopatsidwa ku chinamwali, lina la ubatizo monga Mariya kapena Yosefe, ndipo atakula amangoitanidwa ndi mfunda wake, Nabanda kapena Naphiri. Agogo aakazi a mayi anga tonse tinkawadziwa ndi mfunda basi. Kufunsa ku ofesi ya parishi za "Naphiri" n'chimodzimodzi kufunsa za mayi wovala chitenje pamsika. Komanso m'buku mayina analembedwa monga momwe khutu la mlendo linawamvera, choncho l ndi r zimasinthana, ndipo h wa mu ph kapena th nthawi zina amasowa.

N'chifukwa chake ndinayamba ndabwerera kwa amalume, omwe ndi mwini mbumba. Pa WhatsApp ndinawafunsa zinthu zitatu: dzina lachikhristu la agogowo, mudzi womwe anabadwira, ndi nyakwawa ya nthawiyo. Kwa Achewa mudzi wa mayi ndiwo umagwira mzere wa banja, pomwe dzina la bambo limasintha m'badwo uliwonse. Zaka sankazidziwa, koma anati agogowo anali ndi ana kale pa njala ya 1949, ndipo zimenezo zinandichepetsera masamba ofunika kutsegula. Msuweni wanga ndiye anapita ku parishi ndi kalata yopempha, chifukwa mabukuwa ndi a Mpingo ndipo sapatsidwa kwa wongodutsa.

Kunja kwa parishi ziliponso nkhokwe zina. National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe inayamba mu 1947, imasunga zolemba za ma DC zonena za mafumu ndi midzi. Madayale a ansembe, olembedwa m'Chifalansa, amapezeka ku likulu la chipanichi ku Rome, ndipo Ian Linden anawagwiritsa ntchito m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa ku Nyasaland. Pa Mua pomwepo pali Kungoni Centre, yomwe Bambo Claude Boucher a ku Canada konkuno anayambitsa mu 1976. Simupezamo dzina la agogo anu, koma mumvetsa chifukwa chake mabanja ena a gule wamkulu sanalowe m'kaundula konse.

Chithunzi cha tsamba chomwe msuweni wanga ananditumizira chili ndi amayi awiri a dzina limodzi, a mudzi umodzi. Ndachitumiza kwa amalume kuti ayang'ane mayina a amuna awo m'mphepetemo.