Musanagonekedwe pa opaleshoni, nenani za chithokomiro chanu

Mwadikira miyezi itatu. Tsiku la opaleshoni lafika. Mwalipira chapa kuchokera ku Ulónguè mpaka ku Tete, ndipo simunadye kanthu monga anakuuzirani. Kenako wa zaumoyo akugwirani pamkono, awerenga kugunda kwa mtima, ayang'ana khosi lanu, n'kunena kuti: "Lero ayi, bambo. Muyambe mwamwa mankhwala." Zimawawa ndithu. Koma musafulumire kuganiza kuti akufuna kangachepe. Mwina waona vuto la chithokomiro.

Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi, ndipo chimaoneka ngati gulugufe. Aliyense ali nacho. Chimatulutsa timadzi tolowa m'magazi, timene timauza thupi liwiro loti ligwirire ntchito. Timadzito tikachuluka, thupi limathamanga. Mtima umagunda msanga ngakhale mutakhala pansi. Mumadya kwambiri koma mukuonda. Manja amanjenjemera, thukuta silitha, tulo sitibwera. Ena maso amatong'oka. Sikuti aliyense wotupa khosi ali ndi vutoli, ayi. Ambiri khosi limatupa chifukwa chosowa ayodini m'zakudya. Ndipo ena ali nalo vutoli khosi lili bwinobwino. Chimene chimatsimikiza ndi kuyeza magazi kotchedwa TSH ndi T4.

Nanga opaleshoni ikuopsa pati? Opaleshoni iliyonse, ngakhale ya mwendo, ndi katundu wolemera kwa thupi. Mtima umene ukuthamanga kale ukasenzetsedwa katunduyu, ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka kapena kulephera. Choopsa kwambiri ndi pamene mphamvu ya timadzi tija ikwera mwadzidzidzi: thupi limatentha koopsa, mtima umathamanga mopitirira, munthu amasokonezeka mutu, mwina kukomoka. Izi zikhoza kuchitika opaleshoni ili mkati, kapena patapita maola angapo, wodwala atabwerera kale pabedi lake. Sizichitika kawirikawiri, koma zimapha. Palinso nkhani ya mpweya. Wogonekedwa amaikidwa kachubu pakhosi kuti azipuma. Ngati chotupa cha pakhosi chapsinja njira ya mpweya, kachubuko kamavuta kulowa, choncho wogonetsayo ayenera kukonzekera.

N'chifukwa chake opaleshoni yosafulumira amaiimitsa kaye. Mankhwala monga carbimazole amachepetsa timadzi tija, koma amatenga masabata angapo, kawirikawiri 4 mpaka 8. Propranolol amachepetsa liwiro la mtima. Ngati muli ndi mphumu, nenani asanakupatseni. Musasiye kumwa chifukwa mwayamba kupeza bwino. Funsaninso ngati muyenera kumwa m'mawa wa tsiku la opaleshoni, poti nthawi zambiri amalola ndi madzi pang'ono. Mukamamwa carbimazole n'kumva zilonda kukhosi ndi kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Opaleshoni yadzidzidzi siidikira. Mayi amene mwana wakanika kubadwa, kapena munthu wovulala pangozi, amachitidwa basi, koma akadziwa za chithokomiro amampatsa mankhwala omuteteza ndi kumuyang'anira pafupi. M'zipatala zathu za m'maboma, ntchitoyi nthawi zambiri imagwiridwa ndi a técnico de cirurgia ndi a técnico de anestesia. Iwo sangalote zimene simunawauze.

Apa ndiye kulemba kumene mukuphunzira kukugwira ntchito. Tengani kapepala. Lembani dzina lanu, mawu akuti "chithokomiro" kapena "tiroide" m'Chipwitikizi, ndi mayina a mankhwala onse amene mukumwa, pokopera zilembo za pabokosi chimodzichimodzi. Mankhwala achikuda alembeninso, musachite manyazi. Kapepalako kazikhala pamodzi ndi chiphaso chanu, ndipo wokudikirirani akadziwe, chifukwa pangozi inu mwina simudzatha kulankhula. Mumuuzenso kuti opaleshoni ikatha, akaona mukutentha thupi, mukubwebweta, kapena khosi likutupa n'kumavutika kupuma, aitane namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.