DOKOTALA WA ASILIKALI AMENE ANAGWA PA GUMBURU

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akamakumbukira akufa ku nkhondo m'mwezi wa November, amatchula nkhondo ya 1914 ndi ya 1939, pakuti ndizo zinatenga ana awo, ena usilikali, ena utengatenga. Koma nkhondo zimenezi zisanadze, asilikali a dziko lino anali atamenyapo kale kutali ku dziko la Asomali, ndipo kumeneko anafera pamodzi ndi dokotala wawo.

Munali m'chaka cha 1903. Gulu lachiwiri la King's African Rifles, limene ambiri mwa anthu ake anali Ayao, linatumidwa kukalimbana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan. Pa 17 April, Bwana Plunkett anatuluka m'linga ndi asilikali ngati 200, ena a kuno ena Amwenye, ndi mfuti ziwiri za Maxim. Dokotala Sime, wa Indian Medical Service, anapita nawo. Pafupi ndi phiri la Gumburu, m'tchire lowirira, adani miyandamiyanda anawazinga.

Wina angafunse: kodi sing'anga amafunanji pamalo pa zipolopolo? Munthu wolasidwa amataya mwazi msanga, ndipo sangadikire kuti amtengere ku chipatala cha kutali. Masiku amenewo asilikali akazingidwa ankaima m'mizere inayi, ngati makoma a khola, onse kupenya kunja. Olasidwa ankawakokera pakati, ndipo malo a dokotala anali pomwepo. Khola likalimba, iye ndi odwala ake apulumuka. Likagumuka, kulibe kothawira.

Pa Gumburu linagumuka chifukwa zipolopolo zinatha. Otsala anayesa kuboola ndi mabenesi okha. Akuluakulu onse 9 Achizungu anafa, Dokotala Sime mmodzi wa iwo, ndi asilikali oposa 180. Amene anabwerera ku linga anali ngati 40, ambiri ali ndi mabala, opanda wowamanga panjira.

M'mabuku maina a akuluakuluwo amapezeka mosavuta, koma asilikali Achifirika kawirikawiri angowerengedwa chabe, ndipo ichi si chokoma. Aphunzitsi angachite bwino kusonyeza ana dziko la Asomali pa mapu, pakuti mu August 1940 gulu lachiwiri lomwelo linabwererako ndi kumenyana ndi Ataliyana pa Tug Argan.