Chifukwa chake makorali a ku Nacala sali ngati a ku Beira

Ambirife timamva za Nacala ngati doko lomwe feteleza ndi katundu wina amatsikira asanabwere kuno pa sitima. Koma pansi pa madzi a kumeneko pali chuma chinanso. Mu 2012, katswiri wa ku Kenya, David Obura, adafalitsa kafukufuku wa makorali a kumadzulo kwa nyanja ya mchere ya India. Malo omwe adaposa onse pa mitundu anali Nacala, komwe mitundu idafika pafupifupi 297. Pa chilumba cha Farquhar ku Seychelles idali pafupifupi 174 yokha.

Korali imaoneka ngati mwala kapena chitsamba, koma ndi nyama. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala pamodzi, ndipo kalikonse kamadzimangira chigoba cha laimu. Abale athu a Chiswahili amati matumbawe, ndipo mzikiti waukulu wakale wa ku Kilwa udamangidwa ndi miyala yomweyi. M'thupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zomwe zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Choncho korali imafuna madzi oyera, osazama kwambiri, ofunda koma osatentha.

Ophunzira a Biology, siyanitsani kuchuluka ndi mitundu. Akatswiri amayala tepi pansi pa nyanja n'kuyeza gawo lomwe laphimbidwa ndi makorali amoyo; uku ndiye kuchuluka. Kenako amawerenga mitundu. Malo ena akhoza kudzaza ndi mtundu umodzi, ngati munda wa chimanga chokhachokha. Munda woterowo ndi wokongola, koma matenda akabwera umatha wonse.

Nanga Nacala adapata bwanji mitundu yambiri chonchi? Madzi a nyanjayi amayenda ngati mtsinje kuchokera kum'mawa, mbali ya Indonesia, komwe kuli mitundu pafupifupi 600. Akadutsa kumpoto kwa Madagascar amagunda Africa chakumpoto kwa Mozambique, atanyamula timbewu ta makorali. Tikafika pamenepo timazungulira n'kukhazikika.

Mukatsikira chakumwera, ku Quelimane mpaka ku Beira, zinthu zimasintha. Mtsinje wa Zambezi umathira matope ndi madzi opanda mchere, ndipo gombe lalitali limakhala la mchenga ndi mitengo ya m'matope, lopanda matanthwe a makorali. Matope amatchinga dzuwa komanso amakwirira tizilombo tija. Apa nafenso tikukhudzidwa, chifukwa Shire amathira mu Zambezi, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri odulidwa mitengo limalowera komweko. Ku Malindi ku Kenya, mtsinje wa Sabaki umachitanso chimodzimodzi.

Kutentha kumasankha. Madzi akatentha digiri imodzi yokha kuposa mwa nthawi zonse kwa masabata angapo, korali imatulutsa ndere zake n'kuyera mbuu. Ikapanda kuzipezanso msanga imafa ndi njala. Mu 1998, nthawi ya El Niño, matanthwe ambiri a ku Kenya adataya makorali oposa theka. Ofa kwambiri anali anthambi monga Acropora, omwe amakula msanga. Obulungira ngati chulu, monga Porites, adapirira. Ndiye malo awiri oyandikana akhoza kusiyana kutali malinga ndi mtundu womwe unalipo kutentha kusanafike.

Usodzi nawo umasintha nkhope ya thanthwe. Ku Kenya, Tim McClanahan adaona kuti komwe asodzi adatha nsomba zodya tizilombo taminga totchedwa sea urchin, tizilomboti tidachulukana n'kumakukuta thanthwe. M'malo otetezedwa ngati Kisite ndi Watamu tinali tochepa. Pamene nthambi za makorali zagumuka, tinsomba timasowa pobisala, ndipo msodzi wa pagombepo amapalasa mtunda wautali asanadzaze dengu lake.